KUNUNKHA M'KAMWA NDI MANKHWALA OTSUKIRA MANO

Pa msika wa ku Masambanjati, monganso m'magolosale a ku Makwasa ndi pa Boma la Thyolo, munthu wofuna mankhwala otsukira mano amapeza machubu amitundumitundu. Ena ngofiira, ena ngobiriwira, ena alembedwa kuti muli makala, ena kuti muli zitsamba. Onsewa anthu amangowatcha Colgate, chinkana dzinali ndi la mtundu umodzi wokha. Ambiri amene amagula sagula chifukwa choganizira mano iai. Amagula chifukwa tsiku lina anaona mnzao akutembenuzira nkhope kumbali pamene iwo analikulankhula, kapena chifukwa mwana wao anabwera ku sukulu akulira kuti anzake akukana kukhala naye pa benchi.

Ndalama ya munthu wothyola tiyi imabwera ndi thukuta, pa sikelo, dengu ndi dengu. Chubu chimodzi chikalowa m'nyumba, ndiye kuti sopo kapena mchere wachepa mwezi umenewo. Tsono nkoyenera kuti wogulayo adziwe chimene chiri m'katimo, pakuti si zonse ziri m'chubu zimene zimalimbana ndi fungo. Zina zimangolibisa.

Fungo limachokera kuti?

Anthu ambiri amakhulupirira kuti kununkha m'kamwa kumachokera m'mimba, ndipo ena amataya ndalama kugula mankhwala otsegula m'mimba kuti achotse fungolo. Kumeneku nkulakwitsa. Njira yopita ku mimba imakhala yotseka nthawi zonse, ndipo imatseguka pokhapokha munthu akamameza kapena akamageya. Madokotala amene anapima anthu odandaula za vutoli anapeza kuti mwa anthu 10 alionse, 8 kapena 9 fungo lao limabadwira m'kamwa momwemo.

M'kamwa mwa munthu aliyense, mfumu kapena mwana, mumakhala tizirombo tosaoneka ndi maso. Zimenezi zinadziwika kale. M'chaka cha 1683 munthu wina wa ku Delft, m'dziko la Holland, dzina lake Antonie van Leeuwenhoek, anapala litsiro loyera la pa mano ake naliyang'ana pa galasi lokuza zinthu, ndipo anaona tamoyo tambirimbiri tikuyendayenda. Tambiri mwa tizirombo timeneti tiribe vuto. Koma tiripo tina timene timadana ndi mpweya, ndipo timabisala m'malo amene mpweya sufikako: m'mipata ya mano, m'mphako za mano obooka, pansi pa nkhama zotupa, ndipo makamaka kumbuyo kwa lilime, kufupi ndi kummero. Lilime silosalala monga lionekera. Liri ndi timizere ndi timaenje monga bulangete, ndipo m'menemo mumakodwa zotsala za chakudya, mamina otsika kuchokera m'mphuno, ndi tizikhungu takufa ta m'kamwa. Tizirombo tija tikamadya zimenezi timatulutsa mipweya ya sulufule. Wina mwa mipweyayi ndi womwe umamveka dzira likaola. Wina umanunkha monga kabichi wovunda. Katswiri wina wa ku Vancouver, m'dziko la Canada, Joseph Tonzetich, ndiye anaonetsa ndi makina opimira mpweya, cha m'ma 1970, kuti mipweya ya sulufuleyi ndiyo mwini wake wa fungo.

Chotero mdani ali pawiri: tizirombo, ndi mpweya umene timatulutsa. Mankhwala otsukira mano ayenera kuweruzidwa pa zimenezi.

Zimene ziri m'chubu

Pa bokosi kapena kumbuyo kwa chubu pamakhala mndandanda wa timalemba tating'ono ta Chingerezi, pansi pa mau akuti Ingredients. Ogula ambiri sawerenga pamenepa, koma mpamene pali nkhani yonse.

Choyamba chimene munthu amamva pakamwa ndi kuzizira kwa minti, kumene pa chubu amalemba kuti Flavour, Aroma kapena Menthol. Kuzizira kumeneku nkokoma, ndipo ndiko kumagulitsa malonda. Koma minti sapha tizirombo tokwanira, ndipo sachotsa sulufule. Nchito yake njofanana ndi ya munthu wodzola mafuta onunkhira asanasambe. Munthu wotsuka ndi minti yekha amachoka pa nyumba m'kamwa muli mozizira, koma asanadzaze dengu loyamba fungo labwerera.

Thovu nalo limanyenga. Limachokera ku mankhwala a mtundu wa sopo olembedwa kuti Sodium Lauryl Sulfate. Amathandiza kusungunula litsiro ndi kulifalitsa kuti lilavulidwe, koma kuchuluka kwa thovu sindiko kuyera kwa m'kamwa. Anthu ena amene amatuluka tizironda ta m'kamwa kawirikawiri amapeza bwino akasintha ndi kugula mtundu wopanda mankhwalawa.

Gawo lalikulu la chubu ndi ufa wosalala wokwechera, wolembedwa kuti Calcium Carbonate, amene ali mbale wake wa choko cha ku sukulu, kapena Hydrated Silica. Ufa umenewu ndiwo umathandiza mswachi kupala litsiro lomata la pa mano. Palinso Glycerin kapena Sorbitol zoletsa mankhwala kuuma m'chubu, ndi Saccharin wotsekemeretsa, amene si shuga ndipo saboola mano.

Tsono pali ziwiri zimene munthu wovutika ndi fungo ayenera kuzifunafuna ndi chala pa mndandanda uja.

Choyamba ndi zinki. Ameneyu ndi chitsulo chomwe chimakutidwa pa malata a denga kuti asachite dzimbiri, koma m'mankhwala a mano amaikamo pang'ono pokha, monga mchere, ndipo amalemba kuti Zinc Citrate, Zinc Chloride, Zinc Lactate kapena Zinc Oxide. Zinki ndi sulufule zikakumana zimagwirana mwamphamvu, ndipo chimene chimapangika sichiuluka konse. Sulufule amene akanatuluka ndi mpweya wa munthu nkukafika pa mphuno ya mnzake amamangidwa m'kamwa momwemo, namezedwa kapena kulavulidwa. Kuonjezera apo zinki amafooketsa tizirombo kuti tisaswane msanga. Iyeyu sabisa fungo, amaligwira. Mphamvu yake imakhala maola angapo, osati masiku, ndipo nchifukwa chake kutsuka kwa Lamlungu lokha, pokonzekera ku tchalitchi, sikuthandiza Lachitatu.

Chachiwiri ndi Stannous Fluoride. Mau akuti stannous akutanthauza tini, chitsulo chija chimene amakutira zitini. Tini amachita monga zinki: amagwira sulufule ndi kufooketsa tizirombo, ndiponso amachepetsa kutupa kwa nkhama. Mankhwala otere anayamba kugulitsidwa ku America cha m'ma 1950 ndi dzina la Crest. Choipa chake nchakuti kwa anthu ena amasiya kamtundu kodera pa mano, makamaka kwa okonda tiyi ndi fodya, koma kamtunduka kali pamwamba pokha ndipo kamachoka.

Apa mpofunika kusamala, pakuti maina akufanana. Machubu ambiri otsika mtengo ali ndi Sodium Fluoride kapena Sodium Monofluorophosphate. Amenewa ndi fuloraidi ndithu, koma alibe tini, ndipo sagwira sulufule. Komabe asanyozedwe. Fuloraidi wa mtundu uliwonse amalimbitsa chikopa cholimba cha dzino kuti lisabooke, ndipo dzino lobooka ndi nkhokwe ya chakudya chovunda imene mswachi sungafikemo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, m'chaka cha 2021, linaika mankhwala otsukira mano a fuloraidi pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka kwa munthu aliyense. Mlingo woyenera ndi kuyambira 1000 kufikira 1500 ppm, ndipo nambala imeneyi imalembedwa pa machubu ambiri abwino. Chubu chosalembedwa fuloraidi, chinkana chikhale ndi chithunzi chokongola cha masamba, sichiyenera ndalama ya munthu.

Machubu ena ali ndi Sodium Bicarbonate, amene ali soda yemwe amai amathira m'therere. Soda amachepetsa asidi m'kamwa ndipo amathandizako pa fungo, koma mphamvu yake siifika pa ya zinki. Kale kunalinso mankhwala ena opha tizirombo otchedwa Triclosan, koma opanga Colgate Total anawachotsa m'chaka cha 2019. Za makala amene alowa m'fasho masiku ano, palibe umboni wokwanira wakuti amaposa mankhwala wamba, ndipo ena mwa machubu a makala alibe fuloraidi.

Wogula ayang'anenso tsiku limene mankhwala atha mphamvu, ndipo apewe machubu ofufutika malemba ogulitsidwa pa dzuwa. M'chaka cha 2007 maiko angapo anagwira mankhwala otsukira mano achinyengo amene munali poizoni. Chubu chotsika mtengo modabwitsa chiyenera kukayikiridwa.

Mankhwala opanda dzanja ngachabe

Zinki sangagwire nchito pa malo pamene sanafikepo. Munthu wotsuka mano akutsogolo okha, amene amaoneka poseka, wadyetsa mankhwala malo amene analibe vuto. Fungo liri kumbuyo.

Kutsuka kukhale kawiri pa tsiku, mphindi ziwiri nthawi iriyonse, ndipo mwa kuwiriku kofunika koposa ndi kwa usiku pogona. Mswachi upendekere pamene dzino likumana ndi nkhama, kunja ndi m'kati momwe, mosakhula ngati potsuka mphika. Atatha mano, munthu atulutse lilime ndi kulipala pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kubwera kutsogolo, katatu kapena kanai, ndi mswachi womwewo kapena ndi supuni yaing'ono yoivundikira. Masiku oyamba amamva ngati asanza, koma thupi limazolowera. Chimene chimatsala pa supuniyo, choyera kapena chachikasu, ndicho chinali kuthamangitsa anzake. Asapale mpaka magazi.

M'mipata ya mano mumatsalira nyama, minga ya usipa, ulusi wa mango ndi zotsala za nzimbe. Zimenezi zichotsedwe ndi ulusi woyera kapena kamtengo kosalala, osati singano kapena waya.

Pomaliza munthu alavule thovu, koma asachukuche ndi madzi. Ambiri amadabwa ndi lamulo limeneli. Koma wochukucha amataya pansi zinki ndi fuloraidi amene wagula ndi ndalama zake, asanayambe nkomwe nchito. Ndiponso sikofunika kudzaza mswachi wonse monga amachitira pa zithunzi za malonda. Amene amajambula zithunzizo amafuna chubu chithe msanga. Wamkulu ndi mwana wopitirira zaka 3 akwanira ndi kadontho konga njere ya nandolo. Mwana wosafika zaka 3 apakiridwe konga njere ya mpunga, ndipo wamkulu amuyang'anire kuti asamadye mankhwalawo, pakuti fuloraidi womezedwa wambiri pa ubwana amathimbiriritsa mano. Izi zimaoneka m'madera ena kumene madzi a m'zitsime ali kale ndi fuloraidi wochuluka, monga ku Nathenje ndi mbali zina za Chikwawa ndi Nsanje. Banja lotsata mlingo umenewu lidzaona chubu chimodzi chikukhalitsa koposa kale.

Mswachi ndi wa munthu mmodzi. Ukanyankhalala, kapena ikatha miyezi itatu, usinthidwe.

Malovu ndi tiyi

Mlengi anaika kale mankhwala ake m'kamwa, ndiwo malovu. Malovu amatsuka, amabweretsa mpweya umene tizirombo tija timadana nao, ndipo amasungunula sulufule. Usiku malovu amachepa, nchifukwa chake munthu aliyense amadzuka ndi kafungo m'mawa. Kameneka si matenda. Koma taonani za wothyola tiyi m'miyezi ya mvula, pamene masamba achuluka. Amalawira m'bandakucha osadya kanthu, nagwira nchito chiweramire mpaka dzuwa pamutu, thukuta liri kamukamu, madzi akumwa ali kutali. Pofika ku sikelo m'kamwa mwauma gwa, ndipo fungo lakula, chinkana anatsuka bwino. Munthu wotere safunika chubu chodula. Afunika botolo la madzi m'mbali mwa dengu, ndi kanthu kotafuna m'mawa, kaya mbatata, chinangwa kapena nthochi, pakuti kutafuna kumaitana malovu ndipo chakudya podutsa chimasesa lilime. Aphunzitsi ndi alaliki, amene amalankhula nthawi yaitali, nawonso amauma m'kamwa chimodzimodzi.

Tiyi mwini wake si mdani. Masamba ake ali ndi fuloraidi wachibadwa, ndiponso ali ndi zina zimene zimachepetsa fungo kwa kanthawi. Mdani ndi masupuni a shuga othiridwa m'kapu. Shuga wotsalira pa mano ndiye chakudya cha tizirombo toboola mano, ndipo woipitsitsa ndi tiyi wotsekemera womwedwa usiku munthu atatsuka kale.

Fodya, wosuta kapena woika m'kamwa, amaumitsa m'kamwa ndi kuononga nkhama. Kachasu amachitanso chimodzimodzi. Fungo la adyo, anyezi ndi mowa liri ndi njira yakeyake: limalowa m'magazi ndi kutulukira m'mapapo, kotero kuti palibe chubu chingalithe. Limatha lokha ikapita nthawi.

Nanga wopanda ndalama?

Mwezi ukakhala pakati chubu chitatha, munthu asaleke kutsuka. Makolo ankasunga mano ao ndi mswachi wa mtengo Colgate asanayambe kuikidwa m'machubu m'chaka cha 1896. Asilamu amasunga mwambo umenewu kufikira lero, ndipo ku Mozambique amai amatsukira muzu wotchedwa mulala. Kamtengo kotafunidwa bwino kunsonga mpaka kufewa kamachotsa litsiro mofanana ndi mswachi wa m'sitolo, ngati mwini wake afika nako ku mano onse. Kunsongako kudulidwe kawirikawiri kuti kukhale kwatsopano, ndipo mtengo ukhale wodziwika kwa akuluakulu a m'mudzi kuti si wa poizoni. Chimene kamtengo kalibe ndi fuloraidi wokwanira ndi zinki. Chotero nzeru ndi iyi: ngati mankhwala achepa, asungidwire usiku, ndipo m'mawa mugwire kamtengo.

Madzi ofunda a mchere pang'ono ngabwino pochukucha nkhama zikatupa. Koma mchenga, phulusa ndi makala osinja zimapala chikopa cha dzino. Mano amayera masiku oyamba, kenaka amayamba kuchita dzanzi pomwa madzi ozizira, ndipo chikopa chimenecho chikatha sichimeranso.

Fungo limene chubu sichingathe

Munthu akatsuka mano ndi lilime mokhulupirika kwa milungu iwiri kapena itatu, fungo osasintha, asagulenso chubu china. Apite ku chipatala.

Kawirikawiri chimene chimapezeka ndi chiseyeye. Litsiro la pa mano likakhalitsa limauma ngati mwala m'mphepete mwa nkhama, ndipo mswachi sungalichotse. Nkhama zimatupa, zimatuluka magazi potsuka, kenaka zimasiyana ndi dzino nkupanga timatumba momwe mumakhala mafinya. Matendawa sapweteka poyamba, ndipo ambiri amawazindikira dzino litayamba kugwedezeka. Fungo ndilo mthenga amene amafika msanga, ndipo wobisa mthengayu ndi minti amadzataya mano ali ndi zaka zogwira nchito. Ena akaona magazi amaleka kutsuka poopa kudzipweteka, koma kuleka ndiko kumakulitsa matenda, apitirize mofatsa. Amai oyembekezera ndiponso anthu amene chitetezo cha m'thupi mwao chatsika amagwidwa msanga ndi vuto la nkhama, ndipo asachedwe kukaonetsa. Mwala uja amaupala a zamano ndi zipangizo zao. Anthu a ku Masambanjati angafunse za chithandizochi ku chipatala cha Malamulo ku Makwasa kapena ku chipatala cha Boma ku Thyolo. Madokotala a mano akali ochepa m'dziko muno. Kwa zaka zambiri nchitoyi yakhala m'manja mwa othandiza a zamano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe, ndipo maphunziro a udokotala wa mano anayamba m'chaka cha 2019 ku College of Medicine, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Chifukwa cha kuchepaku, ndi bwino kupita dzino likali lopulumutsika, osadikira tsiku lozula.

Nthawi zina gwero liri kunja kwa kamwa. Zironda za kummero ndi chimfine chosatha cha m'mphuno zimanunkhitsa mpweya. Mwana wamng'ono amene akutuluka mamina onunkha mbali imodzi yokha ya mphuno, kawirikawiri analowetsamo njere ya chimanga kapena nyemba. Makolo asayese kuitokosa, apite naye ku chipatala. Fungo limodzi ndi chifuwa chopitirira milungu iwiri lifunika kupimitsa makhololo. Mpweya wonunkha ngati zipatso zakupsa kwambiri, mwa munthu womva ludzu losatha, wokodza pafupipafupi ndi woonda, ungakhale chizindikiro cha matenda a shuga amene afika poopsa, ndipo ameneyo atengedwe tsiku lomwelo. Fungo longa mkodzo lingaloze ku impso.

Mau kwa aphunzitsi

Chovuta pa nkhani yonseyi nchakuti mwini fungo salimva, pakuti mphuno imazolowera za mwini wake. Kuuzira m'manja ndi kununkhiza sikuthandiza kwenikweni. Njira yabwinopo ndiyo kupala kumbuyo kwa lilime ndi supuni, kudikira kuti iume pang'ono, ndi kuinunkhiza. Yoposa zonse ndiyo kufunsa mbale wokhulupirika. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma kuzimirako kuchitike kuseri, osati pa bwalo. Aliponso ena amene amadziyesa onunkha pamene sanunkha konse, namakhala chigwirire pakamwa. Otere akauzidwa ndi anthu awiri kapena atatu kuti palibe kanthu, akhulupirire.

Mphunzitsi akaona mwana amene anzake akumuthawa, asamutchule m'kalasi. Aphunzitse kalasi lonse, kenaka aonane ndi mwanayo payekha, amuyang'ane nkhama ndi mano akumbuyo, ndipo ngati aona kutupa kapena mphako atumize mau kwa makolo.

Phunziro lokha lingachitike popanda kugula kanthu. Ana auzidwe kubweretsa mabokosi ndi machubu otha a kwao, kapena otola ku golosale. Mphunzitsi alembe pa bolodi mau anai: Zinc, Stannous, Fluoride ndi ppm. Ana akhale m'magulu, afunefune mauwa pa timalemba tating'ono tija, ndipo aunjike machubu m'milu itatu: okhala ndi zinki kapena tini, okhala ndi fuloraidi yekha, ndi opanda chirichonse mwa izi. Pa mulu uliwonse alembepo mtengo umene makolo ao anagulira. Pepala limenelo mwana aliyense akopere m'kope lake, apite nalo kwao, ndipo akawawerengere makolo lisanafike tsiku la malipiro.